Kugulitsa Njinga Yamoto Imene Simunamalize Kuikonza

[NYIMBO YOTSEGULIRA. Ilire pang'ono, kenako itsike.]

WOWULUTSA: Moni inu akabaza amene mwandandalika pa siteji ya pa Nkando kudikira minibasi yochokera ku Limbe kuti itsitse anthu. Moni amakaniki a m'mbali mwa msewu wa Midima, komanso inu a kunjira ya ku Mulomba mpaka ku Phalombe. Moni inunso amayi amene pakhonde panu pali chinthu chofunditsidwa chisaka, nkhuku n'kumaikira mazira pansi pake, bambo a kunyumba akangofunsidwa n'kumati, "Ndimaliza mwezi wamawa."

Nkhani yathu lero ndi ya chinthu chimenecho: njinga yamoto imene munthu anaiphwasula kuti aikonze mwatsopano, aisinthe maonekedwe, aipatse mphamvu, koma ntchito n'kuima panjira. Tsopano waganiza zoigulitsa. Aigulitse bwanji kuti asaluze kwambiri, asanamize mnzake, ndiponso asagone m'chitokosi cha apolisi? Khalani nafe.

[NYIMBO IKWERE, KENAKO IZILALE.]

WOWULUTSA: Tiyambe ndi mmene zimayambira. Mnyamata wagula Lifo kapena Kinglion yotopa kwa mnzake. Wina wapeza Yamaha AG 200 kapena Honda XL yakale imene inkayenda ndi alangizi m'midzi. M'mutu mwake akuiona kale itatha: mpando wautali wokwana anthu awiri mosapanikizana, kaliyala yowotcherera yonyamula matumba a nandolo, mashoko owonjezera kumbuyo, injini ya 150 m'malo mwa ya 125, magetsi amitundumitundu, sipika pansi pa chiwongolero, penti yonyezimira. Amasula thanki, amasula injini, mabawuti aika m'chitini cha mafuta ophikira. Kenako moyo uja umalowerera. Mwana wasankhidwa kupita ku sekondale, kumudzi kwagwa maliro, feteleza wakwera, kapena mwiniwakeyo wapeza mwayi wa ku Joni.

Palinso china chimene chinaimitsa ntchito zambiri zotere. Masipeya a njinga zamoto sitipanga kuno, onse amachokera kunja. Mu May 2022 ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inachepetsedwanso ndi 44 peresenti. Munthu amene anawerengera kuti amaliza ntchito ndi ndalama yakutiyakuti anapeza kuti ndalamayo sikufikanso pa theka la mndandanda wake. Ena njinga zawo zinamira m'madzi pa namondwe wa Freddy mu March 2023, amene anasakaza kwambiri kuno ku Mulanje ndi ku Phalombe. Anaziphwasula kuti achotse matope, ndipo mpaka lero sanazibwezeretse.

Musaone ngati matendawa ndi a kuno kokha. Ku England, m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, anyamata okumana pa Ace Cafe mumzinda wa London ankavula njinga zawo chilichonse cholemera kuti zithamange. Ena ankatenga injini ya Triumph n'kuiika m'chasisi cha Norton, njingayo n'kumatchedwa Triton. Ku America ankadula ndi kutalikitsa njinga za Harley-Davidson. Mpaka pano kumeneko kuli msika wonse wa njinga zogulitsidwa zili m'makatoni, eniake atalephera kumaliza. Ndipo lamulo la msika umenewo ndi limodzimodzi ndi la pa Nkando: wogula salipira maloto anu, salipira thukuta lanu. Amalipira zimene akuziona ndi maso, atachotsera zimene adzawononge kuti njingayo iyende.

Tamverani mmene zimakhalira pakhonde.

[PHOKOSO LA ZITSULO ZIKUKHUTHULIDWA M'THUMBA.]

WOGULITSA: Ndi imeneyi, amalume. Yangotsala pang'ono. Munthu wodziwa ngati inuyo, masiku awiri basi yalira.

WOGULA: Pang'ono pakepo ndi pati, mphwanga? Kabuleta ili kuti?

WOGULITSA: Ilipo. Anabwereka mnzanga wina wa ku Luchenza, ndikaitenga.

WOGULA: Nanga CDI? Mawaya awa anadula ndani?

WOGULITSA: Ndimafuna kulumikiza sipika. Koma taonani pentiyo, amalume. Penti yokhayo ndinalipira ndalama zambiri.

WOGULA: Penti sinyamula munthu. Tapondako kiki timve.

[PHOKOSO LA CHITSULO CHOKANA KUYENDA.]

WOGULA: Wamva? Yagwira. Unaisiya pulagi ili chotsegula, madzi a mvula analowa. Tsopano bulubuku?

WOGULITSA: Amene anandigulitsa anati adzandipatsa. Panopa ali ku Mozambique.

WOGULA: Ndiye ukundigulitsa chiyani, mphwanga? Njinga kapena mlandu?

WOGULITSA: Koma amalume, ndaikapo ndalama zanga zonse apa.

WOGULA: Ndikumva, ndipo pepa. Koma zimene unaikapo iwe sizindiyendetsera ine njingayi.

[KANYIMBO KAKAFUPI.]

WOWULUTSA: Mnyamatayu si wakuba, ndipo amalumewo si ankhanza. Vuto n'lakuti aliyense akuwerengera kuchokera mbali yake. Wogulitsa akuyang'ana kumbuyo, wogula akuyang'ana kutsogolo, ndipo pa malonda opambana ndi woyang'ana kutsogolo chifukwa ndalama zili m'thumba mwake.

Tiyeni tsono tiwerengere mtengo monga amawerengera wogula. Tengani pepala. Choyamba, fufuzani mtengo wa njinga ya mtundu womwewo, ya zaka zofanana, imene ikuyenda bwinobwino lero. Funsani pa siteji, funsani ku Chitakale, funsani ku Limbe, musakhulupirire pakamwa pa munthu mmodzi. Chachiwiri, lembani masipeya onse amene akusowa kapena ndi otha, pa mitengo ya lero, osati ya chaka chimene munayamba ntchito. Chachitatu, funsani makaniki kuti angakulipiritseni zingati kuti aibwezeretse. Chachinayi, onjezani ndalama zokonzera mapepala ngati sali m'malo. Chachisanu, siyani kena kake ka zobisika, pakuti wogula njinga yosalira akugula chinthu chimene sangachiyese, ndipo akudziwa kuti akatsegula injini angapezemo zina.

Tiyerekeze ndi ziwerengero zongopeka kuti masamu amveke. Njinga yoyenda ndi K1,500,000. Masipeya osowa ndi K400,000. Makaniki ndi K100,000. Za zobisika tichotse K200,000. Yatsala K800,000. Mwina inu munawonongapo K1,400,000, koma mtengo wa njinga yanu pamsika ndi K800,000. Zimawawa, koma mukakana kumva zimenezi njingayo idzakhalabe pakhonde chaka china, ndipo chaka chimenecho chidzadyanso mtengowo.

Njinga yongokhala imatha msanga kuposa mmene ambiri amaganizira. Petulo wotsalira mu kabuleta amauma n'kusiya zomata zotseka timabowo. Thanki yopanda mafuta imachita dzimbiri m'kati, makamaka kuno kumene chinyezi sichisowa. Batire losatchajidwa kwa miyezi ingapo limafa osadzukanso. Malingi amakakamira pa pisitoni. Matayala amang'aluka m'mbali ngakhale mapazi ake akadali atsopano. Makoswe amatafuna mawaya ndi siponji ya mpando. Ndipo tizitsulo ting'onoting'ono, mabawuti, mawashala, masipuling'i, timasowa kamodzikamodzi, ana akutenga kukapangira magalimoto a mawaya.

Dziwaninso kuti zokongoletsa zanu sizibweza ndalama. Mtundu umene munaukonda inu, wogula mwina saufuna. Sipika ndi magetsi owonjezera, makaniki amaziona ngati mawaya osokonezedwa amene adzamutayitse tsiku lonse. Ngati munadula chasisi n'kuwotcherera kuti mpando utalike, mwatsitsa mtengo, chifukwa palibe angadziwe ngati chowotchereracho chidzapirire mabampu a msewu wafumbi munthu atanyamula mayi ndi mwana kumbuyo. Koma pali chimodzi chimene chili kumbali yanu. Masipeya atsopano amene munagula kale ndipo akadali m'mapaketi awo, monga pisitoni, tcheni, masipuloketi kapena mbale za kilatchi, amasunga mtengo, ndipo ena lero ndi odula kuposa mmene munagulira. Amenewo alembeni paokha, musawaponye mulu umodzi ndi zitsulo zakutha.

[NYIMBO YAPAKATI.]

WOWULUTSA: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukambirana za kugulitsa njinga yamoto imene simunamalize kuikonza. Tsopano tione njira zitatu zimene muli nazo.

Njira yoyamba ndi kuiliza kaye musanagulitse. Sindikunena zomaliza maloto onse aja, ayi. Iwalani za sipika ndi penti. Ndikunena kuti injini ilire, magiya alowe, mabuleki agwire. Kusiyana kwa mtengo pakati pa njinga yolira ndi yosalira n'kwakukulu kuposa kusiyana kwina kulikonse, chifukwa injini ikalira mantha a wogula amachepa. Ngati chotsala ndi pulagi, batire, kutsuka kabuleta ndi kulumikiza mawaya, chitani zimenezo, ndalama yake idzabwerera. Koma ngati pakufunika kutsegula injini yonse, musakatenge katapila pofuna kumaliza njinga imene mukufuna kuigulitsa.

Njira yachiwiri ndi kuigulitsa yonse mmene ilili. Ogula ake ndi ochepa: amakaniki, ndi akabaza amene ali ndi njinga ya mtundu womwewo ndipo akufuna ina yochotsako masipeya. Mtengo umakhala wotsika, koma nkhani imathera tsiku limodzi.

Njira yachitatu ndi kugulitsa chimodzichimodzi: injini payokha, malimu paokha, thanki, mashoko, ekizozi. Mukaphatikiza, nthawi zambiri ndalama imaposa ya njira yachiwiri. Koma zimatenga miyezi, zabwino zimayamba kupita, inu n'kutsala ndi zimene palibe akuzifuna, zoyenera ogula zitsulo pa sikelo. Ndalama yobwera pang'onopang'ono imatheranso mu ndiwo ndi mayunitsi osaona chimene mwachita nayo. Njirayi ndi ya munthu wosafulumira komanso wodziwa kusunga.

Njira iliyonse imene mwasankha, konzani katundu wanu asanabwere wogula. Yalani chisaka pabwalo, khuthulani zonse. Tsukani ndi palafini kuti zioneke. Mabawuti a injini akhale m'kathumba kawo, a mawilo m'kathumba kawo, ndipo mulembepo. Zimene munabwereketsa kaitanitseni lero. Zimene zingathe kumangidwa, zimangeni, kuti njinga iime pa mawilo ake n'kumakankhika. Njinga yoima imaoneka njinga, ya m'matumba imaoneka zinyalala ngakhale zitsulo zili zomwezo. Kenako lembani mindandanda itatu: zimene zilipo ndipo ndi zabwino, zimene zilipo koma ndi zotha, ndi zimene palibe. Malisiti a masipeya amene munasunga aikeni pamodzi.

Mukajambula zithunzi zoika pa WhatsApp kapena pa Facebook, jambulani masana, mbali zonse, ndi pamene pali vuto pomwe. Mawu akuti "yangotsala pang'ono" asiyeni, ogula anawamva kambirimbiri ndipo akawamva amatsitsa mtengo. Nenani zenizeni: injini inalira komaliza mwezi wakuti, inasiya chifukwa chakuti, inamirapo m'madzi kapena ayi. Pa Nkando anthu amadziwana. Munthu amene mwamubisira kuti buloko ndi yong'aluka mudzakumana naye pamsika, kutchalitchi, kumzikiti kapena pamaliro.

Nthawi yogulitsira nayonso ndi yofunika. Mu January ndi February anthu ndalama zawo zili ku chimanga ndi fizi, ndipo wobwera kudzagula amadziwa kuti mwapanikizika. Nthawi yokolola, makamaka anthu akagulitsa nandolo, m'matumba mumakhala kanthu ndipo achinyamata ambiri amafuna kuyamba kabaza.

[KANYIMBO KAKAFUPI.]

WOWULUTSA: Tafika pa gawo limene ndikupempha kuti mukweze wailesi: mapepala ndi manambala. Njinga yamoto iliyonse ili ndi manambala awiri odindidwa pa chitsulo. Nambala ya chasisi nthawi zambiri imakhala pakhosi, pamene chiwongolero chimazungulira, ndipo pa njinga zambiri zamakono ili ndi zilembo ndi manambala 17. Nambala ya injini imakhala pa thupi la injini cham'munsi, kawirikawiri kumanzere, kufupi ndi popondera giya. Manambala amenewa ndiwo dzina la njinga pamaso pa boma, ndipo ayenera kufanana ndi olembedwa mu bulubuku.

Apa ndi pamene okonza njinga ambiri amadzipweteka okha osadziwa. Popala chasisi kuti apake penti, amapala ndi nambala yomwe. Ena amaikwirira ndi penti yochindikala, ena amawotcherera chitsulo pamwamba pake. Wapolisi akaona nambala yopalidwa saganiza za penti, amaganiza za kuba. Ngati munaika injini ina, nambala yake sikugwirizananso ndi bulubuku. Sungani kalata ya kumene munagula injiniyo, ndipo kawadziwitseni a Road Traffic kuti zolembedwa zikonzedwe. Chimodzimodzi ngati mwasintha mtundu wa njinga.

Kusintha umwini kumachitikira ku ofesi ya Road Traffic, ndipo kwa ife a ku Mulanje ambiri timapita ku Blantyre. Kuyambira mu 2015 ofesiyi imagwiritsa ntchito makina a MalTIS amene amazindikira munthu ndi zidindo za zala, choncho wogulitsa amene dzina lake lili pa bulubuku amafunika kutengapo mbali. N'chifukwa chake bulubuku ya dzina la munthu amene anasamuka kalekale imavutitsa. Inu wogulitsa, musanyalanyaze zimenezi poganiza kuti ndi za wogula. Dzina lanu likatsalira pa njinga, tsiku limene idzagunde munthu kapena kupezeka pa umbanda, apolisi adzayambira pakhomo panu. Pitani nokha ku ofesi, musapereke mapepala anu kwa madobadoba a pageti.

Tikudziwa kuti njinga zambiri za kuno zinalowa kuchokera ku Mozambique, zina kudzera pa chipata cha Muloza moyang'anizana ndi Milange, zina kudzera njira zachidule, ndipo zambiri sizinalembetsedwe. Ngati yanu ndi yotero, muuzeni wogula poyera, chifukwa kuti ailembetse adzafunika kuyamba wathana ndi za msonkho ku MRA, ndipo ndalama imeneyo iyenera kuchotsedwa pa mtengo. Mukamagulitsa chimodzichimodzi, chasisi ndi bulubuku zisasiyane. Munthu wofuna kugula bulubuku yokha, kapena nambala puleti yokha, akufuna kukavekera njinga yakuba. Mukaneni.

Dzifunseninso ngati njingayo ndi yanu nokha. Ngati munaiika chikole ku banki m'khonde kapena kwa wokongoza ndalama, yambani mwathana nawo. Ngati ili ku galaja ndipo makaniki simunamulipire, musabweretse wogula musanagwirizane naye. Ngati ndi ya m'banja, kambiranani ndi akunyumba. Ngati ndi ya malemu, kumbukirani kuti lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo kugulitsa katundu wa masiye popanda chilolezo ndi mlandu.

Tsiku la malonda, lembani kalata ya mgwirizano. Sipafunika Chingerezi, Chichewa chomwechi chikwanira. Mulembe tsiku, maina a nonse awiri ndi manambala a ziphaso zanu za unzika, mtundu wa njinga, nambala ya chasisi, nambala ya injini, mtengo, ndi mawu omveka bwino akuti njingayi ikugulitsidwa isakuyenda, wogula waiona ndipo wavomera mmene ilili. Mndandanda wa zosowa uja muumatike pomwepo. Pakhale mboni ziwiri, ndipo ndi bwino mmodzi akhale wa kwa amfumu kapena wapampando wa siteji ya kabaza. Aliyense atenge kalata yake.

Ndalama muwerenge pamaso pa mboni. Ngati akulipira pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, musakhutire ndi uthenga wofika pafoni, pakuti akamberembere amatumiza mauthenga onamizira. Funsani nokha ndalama zimene zili mu akaunti yanu. Ngati mwagwirizana zolipira pang'onopang'ono, katundu asachoke pakhomo mpaka ndalama yomaliza. Njinga ya m'zidutswa ikangochoka, simungailandenso, chifukwa pofika mawa injini ili ku Limbuli, malimu ali ku Luchenza.

Ndi inu ogula, mawu awiri. Safunsa anadya phula. Pitani ndi makaniki wanu, osati wa wogulitsa. Pondani kiki mumve ngati injini ikuzungulira ndiponso ngati ikukankha mwendo. Tsegulani bawuti ya oyilo: akatuluka wotuwa ndiye kuti munalowa madzi, mukaona tizitsulo tonyezimira ndiye kuti m'kati mwadyeka. Imani kumbuyo muone ngati mawilo awiri ali pa mzere umodzi. Werengani manambala nokha, chilembo chimodzichimodzi. Mukakayika, pitani ndi manambalawo kupolisi musanalipire. Kupezeka ndi katundu wakuba ndi mlandu, ndipo mwiniwake akapezeka njinga imapita, ndalama zanu osabwerera. Ikadzatha kukonzedwa, isalowe mumsewu popanda inshuwalansi, laisensi ndi helemeti.

[NYIMBO YOTSEKERA IYAMBE PANSIPANSI.]

WOWULUTSA: Omvera, kusiya ntchito imene yakukanikani si manyazi. Choluzitsa ndi kuumirira mtengo wa dzana njinga ikudyedwa ndi dzimbiri. Sabata ino isanathe, vundukulani chisaka chija, werengani manambala awiri aja muwafananitse ndi bulubuku, lembani mindandanda itatu, ndipo muitane makaniki akuuzeni zoona. Mukatero sankhani: kuiliza, kuigulitsa yonse, kapena kugulitsa chimodzichimodzi. Ngati muli ndi mnzanu amene nkhaniyi ikumukhudza koma sanamvere, kamufotokozereni. Akabaza muyende mosamala pamsewu, tikumanenso sabata yamawa nthawi ngati yomweyi. Tsalani bwino.

[NYIMBO IKWERE MPAKA KUMAPETO.]